Sitampa Yomwe Inafukulitsa Damiano

"Mwamuba! Mfiti iwe, mwamuba mlongo wanga m'manda, iwe ndi kalipentala wakoyo! Taona apa, taona! Uyu si Damiano uyu?"

Anali Filomena ameneyo, akukuwa pakati pa msika wa Bangula dzuwa lili paliwombo, envulopu ili m'mwamba. Amene ankakuwiridwayo anali mlamu wake Otilia, yemwe anali atakhala pa mkeka wake wa nsomba, akuingitsa ntchentche pa milamba yowamba. Msika wonse unaima. Wamchere anasiya mchere, wamapira anasiya mapira.

"Mwatani kodi alamu? Takhalani pansi tilankhule ngati anthu," anatero Otilia.

"Ndikhale pansi? Ndikhale ndi mfiti? Tenga uone wekha!"

Otilia anapukuta manja pachitenje n'kulandira envulopuyo. Inali kalata wamba, yochokera kwa mwana wa Filomena amene ankagwira ntchito ku Limbe. Nkhani sinali m'katimo ayi, inali pangodya, pa sitampa. Kapepala kosafika ndi bokosi la machesi lomwe. Pamenepo panali bwato lachitsulo lodzaza mabelo a thonje, ndipo kumbuyo kwa bwatolo kunaima munthu ndi nsungwi yaitali yokankhira, chipewa chopindika mbali imodzi, mwendo umodzi atauponda pa bondo la unzake ngati kakowa m'dambo. M'chigwa chonse cha Shire munthu woima choncho anali mmodzi yekha. Otilia anamuzindikira pomwepo. Anali mwamuna wake, malemu Damiano, amene anamuika m'manda mvula zingapo zapitazo.

Kuti mumvetse chimene chinadzidzimutsa mayi ameneyu muyambe mwamudziwa. Otilia anabadwira kwa Mlolo, kumene madzi amalowa m'nyumba osaodira. Makolo ake anaoloka kuchokera kutsidya kwa Apwitikizi kuthawa chibalo, ntchito yokakamiza ija. Anakula akukumba nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, m'dambo chaka cha njala, ndipo kuwamba nsomba anaphunzira asanamere mabere. Funsani aliyense wa pa Bangula ngati anagulapo mlamba wa mphutsi kwa Otilia, akakuuzani kuti inde mubwere naye kuno tidzamuone m'maso! Mayi wosayamba ndewu, koma ukamuyamba sabwerera.

Damiano ankagwira ntchito ku Kampani ya Kakowa, ija yogula thonje, yakale kuposa njanji yomwe. Anakankha mabwato ake kuchoka ku Chikwawa mpaka ku Chiromo kuyambira ali mnyamata mpaka imvi. Tsiku lina mzungu wina anamujambula ali pantchito, ndipo atakalamba akuluakulu a kampaniyo anamupatsa chithunzicho chili m'galasi. Mphoto yake yonse inali imeneyo. Iye anachikonda kuposa mbuzi zake. Anachikhoma pakhoma, mudzi wonse unabwera kudzachiona, ndipo palibe mwana wa kumeneko amene sankachidziwa.

Chifuwa chitamutenga Damiano, akuluakulu a banja lake ananena kuti chinthu chokhala ndi nkhope ya malemu chisatsale m'nyumba, kuopa kuti azibwerabwera kudzadziona. Filomena yemweyo ndi amene anachiika pachifuwa pa mlongo wake m'bokosi. Amene anakhoma bokosilo anali Lorenso, kalipentala wa pamsika, bambo wofedwa mkazi, wosalankhula zambiri. Patapita nthawi a kwa Damiano anaphika mowa, namusudzula Otilia pamaso pa anthu kuti ndi mfulu, akhoza kukwatiwa. Lorenso anayamba ndi kumukonzera chitseko. Kenako anabwera ndi mpando. Atabwera ndi mpando wachiwiri anthu anadziwa kuti nkhani yapsa. Ukwati anaulengeza kutchalitchi kuti uchitika thonje likatha kugulidwa.

Ndiye lero chithunzi chimene chinakwiriridwa anthu akuona chatulukira pa kalata ya ku Limbe! Inu mukanati chiyani?

A kwa Damiano sanachedwe kupeza yankho. Anati Lorenso anachisolola asanakhome bokosi, nakachigulitsa kwa azungu. Anati munthu wobera maliro ndiye kuti anayamba kumusirira mkaziyo mwini wake ali moyo, ndipo ndani akudziwa chimene chinalowa m'chifuwa cha Damiano? Anatumiza mawu kutchalitchi kuti ukwati uime. Anthu anasiya kupereka ntchito kwa Lorenso. Ngakhale ofedwa ankakakhomesa bokosi kwina.

M'mawa mwake Otilia anamanga chitenje m'chiuno n'kulunjika kupositi. Chibadwire anali asanalowemo. Kuseri kwa waya kunali kalaliki wachinyamata, Goodwell, wa tayi yofiira pa kutentha konseko.

"Achimwene, amuna anga mwawatenga kuti?"

"Amuna anu ati amayi? Kuno timagulitsa masitampa."

"Omwewo. Aonetseni."

Goodwell anatsegula kabati natulutsa chipepala chathunthu. Otilia anasuzumira pawaya. Ankaganiza kuti Damiano ali pa kalata imodzi ija basi. Apa anali mizeremizere, Damiano pamwamba, Damiano pansi, Damiano m'mbali, onse ataima ndi mwendo umodzi.

"Awa ndi masitampa a chikumbutso, amayi," anatero Goodwell monyadira. "Kampani ya Kakowa yakhalitsa m'dziko muno, ndiye ailemekeza. Chaka chatha anali apolisi, atakwanitsa zaka makumi asanu. Ndi ulemu umenewu. Bambowa afika mpaka ku Mangalande."

Asanamalize, bambo wina wa njinga anagula imodzi, naing'amba, natulutsa lilime n'kuinyambita kumsana. Bamboyo anaimata pa kalata, Goodwell ananyamula chidindo chake chachitsulo, ndipo phwaa! Pachipewa penipeni.

Dzanja la Otilia linadutsa pa kazenera ka pawayapo ngati nsato. Anamugwira mkono kalaliki uja mpaka chidindo chinagwa.

"Akulakwirani chiyani? Moyo wawo wonse kukankha thonje la eni, lero agona, winayu awanyambita, inu muwamenya pamutu! Mulibe atate anu inu?"

"Amayi, mundithyola! Ndi ntchito iyi, ndikapanda kudinda andichotsa!"

Atamusiya, Goodwell anasisita mkono, ndipo poti anali mwana woleredwa bwino anamufotokozera bwinobwino. Anati chithunzi chili ndi make, kafilimu kakuda kamene wojambula amasunga. Kuchokera pa kameneko angathe kutsuka zithunzi zina zambirimbiri. Chimene anapatsidwa Damiano chinali mwana chabe, make anatsala m'kabati ya kampani ku Blantyre.

Otilia anathamanga nayo nkhaniyi kwa alamu ake, mtima uli m'malo. Filomena anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Imvani abale! Akuti chithunzi chimaswa ngati mbuzi! Nanga tonde wake ndani, Lorenso? Ine ndinachiika ndi manja angawa, chinali chimodzi. Chikakhala kunja ndiye kuti m'manda mulibe. Zoti make, make, ukauze ana."

Musawaseke anthu amenewa inu a m'tauni. Ndani anabwera kudzawauza? Ndani anatsika pa sitima kudzagwada pakhomo kuti tikufuna kutenga nkhope ya m'bale wanu tiimwaze dziko lonse? Ngakhale nkhuku ya eni ukafuna kuibwereka umayamba waodira!

Madzulo a tsikulo Lorenso anabwera kwa Otilia, nakhala pa mpando wachiwiri uja, chipewa chili pa bondo.

"Mayi, tiyeni tingochoka. Ku Nchalo kuli ntchito ya matabwa. Kumeneko palibe atidziwa."

"Tithawe ngati akuba? Nkhabe, ayi! Ine sindithawa. Mukathawa ndiye kuti mwavomera."

"Nanga titani?"

"Atsegule manda aone okha."

Lorenso anaimirira ngati walumidwa ndi chinkhanira. "Mayi, musatero. Munthu wagona musamudzutse chifukwa cha ine. Dzina langa ndi chiyani? Lisiyeni lide."

"Dzina lanu ndi limene ndikudzalitenga ine. Sindilowa m'nyumba ya munthu amene ana akumuimba nyimbo kuti wobera maliro."

Anayenda yekha mayi ameneyu, kwa eni mbumba, kwa mfumu, mpaka kupolisi kukapempha chilolezo. Onse ankamuyang'ana ngati wapenga. Filomena anavomera msanga, poti anali wotsimikiza kuti akapeza bokosi lopanda kanthu pachifuwa.

Anafukula m'mawa, mame asanaume. Adzukulu anayamba akana, kenako anagwira makasu nkhope zili kumbali. Panabwera wapolisi mmodzi kudzaonerera, wamkulu ndithu, wa ndevu za imvi. Anapukusa mutu nati, "Ifetu chaka chatha anatiika pa sitampa, koma palibe anafukula munthu." Palibe anaseka. Amayi anaima patali atafunda kumutu. Khasu litagunda thabwa, phokoso lonse linatha, kunangomveka njiwa.

Matabwa anali atafumbwa. Mdzukulu wamkulu anatsika, nasuntha chivundikiro, napisa dzanja. Chimene anatulutsa chinali chamatope, koma atachipukuta ndi chikhatho galasi linawala. Madzi anali atadya bwato ndi thonje lomwe. Chipewa chopindika chija chinalipo, ndi mwendo uja pa bondo.

Filomena anagwa chagada. "Mlongo wanga ine! Ndakuvula pagulu ine! Mayo, Damiano, ndikhululukire!" Anagubuduzika m'dothi lofukulidwalo, ndipo amene anamudzutsa n'kumupukuta kumaso anali Otilia yemweyo, mfiti ija.

Otilia anayang'ana Lorenso kuti aone nkhope ya munthu woyeretsedwa. Lorenso ankayang'ana pansi.

Apa ndi pamene akuluakulu anakokerana pambali, ndipo atabwerako ananena mawu amene Otilia sanawaganizireko n'komwe. Anati manda akatsegulidwa ndiye kuti maliro ayambanso. Chisudzulo chija chafa. Otilia ndi namfedwa kachiwiri: amete, avale zakuda, agone pansi, asayandikire mwamuna mpaka adzaphikenso mowa wina, ndipo mowawo sungaphikidwe msanga poti mzimu wakwiya.

"Koma mwaona nokha kuti sanabe!" anakuwa Otilia.

"Taona, mayi. Lorenso alibe mlandu. Koma mwambo ndi mwambo."

Bokosi latsopano linafunika tsiku lomwelo, ndipo kalipentala amene analipo anali mmodzi. Lorenso anapala matabwa ake abwino, amene anasungira bedi la ukwati, nakhomera Damiano kachiwiri. Chithunzi chokha Otilia anakana kuchibwezera. Anachikumbatira ndi matope ake omwe, ndipo palibe analimba mtima kumulanda.

Atatha kukwirira, Lorenso anaima patali ndi Otilia monga mwambo unanenera, nalankhula osakweza maso.

"Takhuta, zikomo mayi, mwanditsuka. Koma ine ndamukhomera munthu mmodzi kawiri. Ndikagona m'nyumba mwanu ndizimva hamala m'makutu. Sindingathe."

Loweruka lake anakweza zipangizo zake pa lole ya ku Nchalo. Mipando iwiri ija anaisiya.

Mwezi womwewo Kampani ya Kakowa inachita chikondwerero pa depoti yake. Mbendera zinali petupetu, ng'oma zikulira, akuluakulu ochokera ku Blantyre atakhala pamthunzi ndi zakumwa zozizira. Pakhoma anapachika sitampa ija ataikuza ngati chitseko, Damiano wamkulu kuposa mmene analili ali moyo. Bwana wina wa suti anali pakati pa kulankhula za mbiri yonyaditsa ya kampani, osatchula ngakhale dzina la munthu amene anaima kumbuyo kwakeyo, poti sankalidziwa.

Masiku amenewo munthu sunkadula mawu a wamkulu pa msonkhano. Unkatha kukagona kumene sunakonzeke. Koma anthu anangoona gulu likupatuka, mayi wometa mpala, wa nsalu yakuda, akudutsa pakati. Kumbuyo kwake kunali Filomena, maso otupa. Wapolisi wa imvi uja anamuona, natembenuka n'kuyamba kuyang'ana mbalame mumtengo.

Otilia anafika pa tebulo, nasuntha mabotolo, naika chithunzi chamatope chija pa nsalu yoyera.

"Bwana, munthu mwamupachika apoyo dzina lake ndi Damiano. Ine ndine mkazi wake. Ichi ndachichotsa pachifuwa pake m'manda, chifukwa cha kapepala kanu. Ndamulira kawiri, mutu uwu mukuuona. Mwamuna amene amati andikwatire wapita."

Bwana uja anayang'ana anzake, anzakewo anayang'ana mabotolo.

"Amayi, nkhani imeneyi ndi ya ku likulu, ife sitiku..."

"Likulu lilibe miyendo? Pokatenga thonje mumafika mpaka kwa Mlolo, matope osawaopa. Pokatenga nkhope ya munthu njira inakusowani? Sindichoka pano. Amene anatsegula kabati n'kutulutsa amuna anga osapempha kwa eni ake ali ndi dzina, ali ndi pakamwa. Muitaneni abwere aime apa, pamaso pa mlongo wawo ndi pa ine, atiuze anamutuma ndani!"