Jakisoni Yemwe Indebwana Anakana Kubaya

Chidole chinasiya kupuma Indebwana ataima pambali pake, jakisoni ali m'manja.

Kusukulu ya unamwino, ophunzira amayesera ntchito pa chidole chachikulu ngati munthu, chomwe chimapuma, kubuula, ngakhale kufa kumene. Tsikulo mphunzitsi anadzisandutsa dokotala n'kulamula dala mankhwala olakwika. Pamkono pa chidolecho panali kachibangili kofiira, kochenjeza kuti wodwalayu sayanjana nawo.

"Kachibangili sunakaone?" anafunsa mphunzitsiyo.

"Ndinakaona."

"Nanga wabayiranji?"

"Ndimaopa kutsutsa akuluakulu."

"Akanakhala mwana wa munthu uyu, bwenzi tikulira maliro. Watsala ndi mwayi umodzi. Ukalepheranso, ulongedze."

Musafulumire kumuseka. Mtsikanayu anakula wamasiye kwa azakhali ake, komwe anaphunzira kuti wodya za eni sayankha. Dzina la Indebwana anamupatsa ndi anzake, ndipo linamukhala.

Kunyumba anafotokoza zonse akulira. Kenako azakhali anavala shati yoyera ya malemu amuna awo n'kugoneka pilo patebulo ngati wodwala.

"Ndine ndinakutseka pakamwa, ndikutsegule ndekha. Baya!"

"Koma azakhali..."

"Azakhali ake ati? Ndine dokotala. Baya!"

Masiku oyamba ankangobaya piloyo osakana. Azakhali nawo udokotala unawakomera, ankakalipa mpaka aneba kusuzumira pawindo. Pang'onopang'ono "ayi" anayamba kutuluka, wowonda, wonjenjemera, koma womveka.

Pa mayeso omaliza anamupatsa chidole cha mwana, ndipo dokotala wake anali mphunzitsi yemwe sukulu yonse inkamuopa. Makina oyeza mtima wa chidolecho anayamba kulira. Mphunzitsiyo anatchula mulingo wa mankhwala.

"Fulumira, mwana akupita uyu!"

Indebwana anayang'ana botolo, anayang'ana kathupiko. Mulingowo unali wa munthu wamkulu. Jakisoni ali m'manja, anatembenukira kwa mphunzitsiyo.

"Pepani adokotala, mulingowu wachuluka kwa mwana. Tiwonenso."

"Ukundiphunzitsa ntchito iwe?"

"Ayi. Koma sindibaya."

Indebwana anadziwa kuti ngati walakwitsa ndi iyeyo, sukulu yathera pomwepo. Sanasunthe. Kachifuwa ka chidole kanapitiriza kukwera ndi kutsika.

Mphunzitsi uja anamulanda jakisoniyo mofatsa.

"Mwana wanga atadwala, ndingamusiye m'manja mwako. Wakhoza."

Lero Indebwana ndi namwino m'wodi ya ana.

Inunso ngati chokugwetsani ndi chomwe munakula nacho, musamati ndi chibadwa. Pezani poyesera, lakwitsirani pomwe sipafa munthu, mawa muyesenso. Mantha satha musanayambe, choncho yambani muli nawo. Musataye mtima.