Mzati wa Buluu M'holo ya Tchalitchi

Chaka chimenecho kunali chisankho, koma ine ndinali ndi kampeni yangayanga: ndinkafuna dimba. Ndinali mkamwini kumudzi kwa mkazi wanga, kufupi ndi Nsaru, ndikuphunzitsa kupulayimale, ndipo dimba la kudambo limene ndinkalisirira linali m'manja mwa atsibweni ake a mkazi wangayo. Mkuluyo ankandiona ngati munthu wa choko basi. Choipa china, ankandikayikira kuti ndimakonda chipani cha buluu, chimene iwo sankafuna n'kuchimva komwe, chifukwa tsiku lina ndinavala shati ya buluu kumaliro.

Ndiye kalabu ya alimi itafuna munthu wokonza tchati cha zokolola za soya za midzi yathu, ndinadzipereka wina asanatsegule pakamwa. Ndinali nditaphunzirako kompyuta pang'ono mutauni, ndipo ndinkayenda ngati ndinaipanga ndine. Ndinati apa atsibweni aona kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi chitsiru.

Pakompyuta ya kusukulu ndinalemba manambala m'timabokosi take, n'kudina, mizati yoonetsa kuchuluka kwa zokolola inatuluka, mudzi uliwonse wake. Wa mudzi wathu unatuluka wa buluu. Mtima unangoti myuu! Ndinaisintha yonse kukhala yotuwa, mtundu wopanda chipani. Panatsala vuto limodzi: mzati wathu ndiwo unali waufupi kuposa yonse. Ndinakonza zoti ndidzaonetsa tchaticho mothamanga, anthu asanayambe kuyeza ndi maso.

Tsiku la msonkhano alangizi a zaulimi anabwera ndi laputopu ndi pulojekita, tinapachika nsalu yoyera m'holo ya tchalitchi. Ndinakopera tchati changa n'kuchiika m'fayilo yawo, osadziwa kuti tchati chikasamuka chimatengera mitundu ya kumene chafikako. Atayatsa, kutuwa konse kunali kutathawa. Mzati wathu unaima pakhoma uli buluu weniweni, dzina la mudzi lili pansi pake, atsibweni ali pampando wakutsogolo.

"Akamwini," anatero osakweza mawu, "kodi mudzi wathu mwaulembetsa liti kumeneko?"

Holo inaphulika ndi kuseka. Ine thukuta kamukamu. Ndinadina pamzatiwo, ndinatsegula kabokosi ka mitundu, ndinasankha woyamba umene ndinauona. Chikasu.

"Eee, aphunzitsi asamuka!" anafuula mayi wina kumbuyo.

Ndinadina olenji. Nthungululu. Ndinali nditaiwala kuti nawonso uli ndi eni ake. Ndinathawira ku girini, ndipo atsibweni anamwetulira koyamba chikwatirire ine, koma alangizi anandinong'oneza kuti, "Aphunzitsi, uno si msonkhano wa chipani, mundichotsetsa ntchito." M'dziko muno mitundu yonse yabwino inatengedwa kale, munthu wosauka wangotsala ndi wa dothi. Ndinasankha womwewo, wofiirira ngati m'munda mwa fodya, ndipo holo inakhala chete.

Chete ameneyo ndiye anandipha. Nthawi yonse imene ndinkasinthasintha, maso a midzi yonse anali pamzati umodzi, womwe uja ndinkafuna kuuthamangitsa. Bambo wina wa mudzi woyandikana nafe anatsokomola n'kunena mwaulemu woopsa, "Mtundu wakhala bwino. Koma kamzatiko n'kakafupi, eti?"

Manyazi anandigwira, ndipo ndinadziwa kuti dimba lapita. Alangizi anandiuza pambuyo pake kuti ndikanangochiika ngati chithunzi, palibe mtundu ukanasintha. Ndinawathokoza, koma mumtima ndinkafuna kuwaponyera pulojekita yawoyo.

M'mawa mwake mkazi wanga anandidzutsa kuti pakhomo pali mlendo. Anali atsibweni, khasu lili paphewa. Ndinagwada poteropo, ndikukonza mawu opepesera.

"Akamwini, dzulo mwatichititsa manyazi ndi mitundu yonse ya m'dziko muno," anatero. "Tiyeni kudambo. Mzati uja mukautalikitse inuyo, chifukwa mwauonetsa ndinu."

Anandipatsa dimba lija, ndi khasu lomwe. Pofika madzulo m'manja monse munali matuza, ndipo Lolemba ndinalephera kugwira choko. Ana a m'kalasi anandifunsa chandichitikira, ndinawauza kuti ndikukonza tchati.