Duwa la Mwanamvua

Ine ndinadulirapo maluwa pa loji ina ku Chembe zaka khumi ndi ziwiri, mpaka mzungu wina analira misozi poona luso langa. Chabwino, limenelo ndi bodza. Ndinagwirako masiku atatu, ntchito yokolopa. Koma Yasmin atandiitana, ndinalowa ngati katswiri.

Yasmin ndi mwana wa malemu mchemwali wanga Mwanamvua. Amasoka mayunifolomu pabalaza pake ku Mangochi kuno, mapini kukamwa, tepi m'khosi, ndipo mwana wanu akanenepa amayamba kudziwa ndi iye. Mayi ake sanamusiyire munda kapena ng'ombe. Anamusiyira makina osokera ndi duwa loyanga, la masamba amawangamawanga, m'chitini cha penti.

Zaka zisanu osalikhudza ndi sizasi! Duwa linakwera zenera, linameza wotchi, linazinga kalendala, ndipo ndikulumbira kuti linkayeza makasitomala m'chiuno Yasmin asanadzuke pampando. Koma kutsinde masamba anayamba kuyoyoka, kutsala zingwe zokhazokha.

"Anjomba, likufa," anatero. "Nanga ndikalidula si ndiye ndalipha ndekha? Cha amayi chamoyo chatsala n'chomwechi."

"Bweretsa sizasi, mwanawe."

Zomwe ndinkadziwa ndi za mbatata basi: umadula pansi pa mfundo. Tinadula. Pansi ponse panali ngati tapalira munda, m'chitini munangotsala tizitsa titatu. Yasmin anatola zidutswa zonse. Zidutswazo anaziviika m'mabotolo a madzi, n'kuwandandalika pazenera.

Sabata ziwiri sindinadutse msewu umenewo. Yachitatu anandipeza yekha kumsika, akuthamanga, botolo m'manja. Mizu yoyera mbee! Tizitsa tija natonso tinali titaphukira. Anagawira abale onse mpaka a ku Namwera, kuti duwa la amayi lisadzathe. Ine anandisankhira lonenepa kwambiri.

Langalo mbuzi inadya tsiku lomwelo. Ndikanatani? Ndinadzala china choyanga m'chitini, ndipo akafunsa pafoni ndinkati, "Lafika kudenga! Ndikatuluka limanditsekera chitseko."

Lachisanu lapitali anangotulukira kwathu osanena. Anazungulira chitini kawiri, anatsina tsamba, kenako n'kupisa chala m'dothi.

"Anjomba, duwa la amayi layamba liti kubereka mbatata?"

"Ndi chisamaliro chimenecho. Ife ku Chembe..."

"Ku Chembe munkakolopa. Amayi anandiuza kalekale. Ndinakuitanani chifukwa ndekha sindikanalimba mtima." Anatulutsa botolo lina m'chikwama, akuseka mpaka misozi. "Ili muliike pamwamba pa kabati, mbuzi isalione. Kholowayu ndikutenga, ndi ndiwo."