Miyala ya Luckson

Luckson Mwenda timagona naye chipinda chimodzi kumalo ogona antchito ku Sonapur, mu Dubai, ndipo tonse tinatopa nako kumva kuti iye ndi mmisiri wa miyala, mwana wa mmisiri wa miyala. Bambo ake, a Lazarous, anaphunzira kusema miyala kwa Bulazala wina wa Chikatolika wa ku Ireland, n'kumanga tchalitchi kwawo ku Dedza chomwe mpaka lero chilibe mng'alu.

Ndiye mwayi unamugwera mnzathuyu. Kampani yathu inapeza ntchito yomangira hotela ina katauni kotengera ku Ireland kwa zaka zana zapitazo: nyumba ya khonsolo ya wotchi pansanja, ndi tchalitchi cha mawindo osongoka chodzagulitsiramo khofi. Machumuni aliponso, poti kuno ku Dubai timazizidwa koopsa. Koma chinandimaliza ine ndi miyala yake. Imabwera m'makatoni, ya pulasitiki wopepuka wopaka penti, Luckson n'kumaimata ndi guluu. Mwala wapangodya anaunyamula m'khwapa.

Kumudzi sanaulule zimenezi. A Lazarous maso anachita ng'ala, zithunzi saona, choncho ankangonyadira kwa aliyense kuti mwana wawo akumangira Aluya tchalitchi chamiyala. Luckson ankaopa kuwakhumudwitsa kuposa kuchotsedwa ntchito.

Tsiku lina a Lazarous anaimba foni ife tikupuma masana, Luckson n'kuiika pokweza kuti nanenso ndiwamve.

"Uli pantchito? Tagogoda khomalo ndi hamala, ndimve kulira kwake," anatero a Lazarous.

Luckson anandiyang'ana, thukuta lili kamukamu. Kenako anagwada n'kugogoda pansi.

"Ameneyo ndi simenti, ndiponso wapansi. Ndati khoma, mwanawe."

Folomani anali atayamba kale kutifulumizitsa, akukuwa kuti, "Yalla, yalla!" Ndikanakhala ine, ndikanadula foni n'kunamizira netiweki. Luckson anadzuka n'kugogoda khoma. Linalira ngati chigubu chopanda madzi, hamala n'kusiyapo chibowo.



"Chabwino," anatero a Lazarous. "Nanga akukudyetsani bwino kumeneko?"

Ndinamumvera chisoni Luckson, ineyo amene ndinkamuseka tsiku ndi tsiku. Iye anatseka chibowocho ndi guluu.

A Lazarous amaimbabe Lamlungu lililonse. Amafunsa za kutentha, za chakudya, za tsiku lobwerera kumudzi. Za tchalitchi sanafunsenso. Masiku ano mlendo akafika m'chipinda mwathu n'kufunsa Luckson ntchito yake, amayankha kuti amamata.