Kawailesi Kachibwibwi ka aBilimankhwe

Mumsewu wa mashopu a penti ndi misomali, aliyense ankawadziwa aBilimankhwe. Dzinali analipata chifukwa cha mayendedwe: phazi ankalinyamula ngati akulipepesa, n'kulitsitsa ngati pansi pagona khanda. Ntchito yawo inali yonyamula magalasi a mawindo kuchoka pashopu kukasiya kwa ogula, ndipo imvi zinachita kumera asanaswepo ngakhale limodzi.

"Ndi mphatso imeneyi," ankadzitama motero pomwa tiyi. "Ena amabadwa ndi mawu oimbira, ine ndinabadwa ndi mapazi."

Akazi awo akamva zimenezi ankangotsokomola n'kupitiriza kusita.

Mphatso yeniyeni inkakhala m'kachikwama ka m'chiuno: kawailesi kozungulira koimba zimbale, komvera ndi tizingwe ta m'makutu, ka chivundikiro chomanga ndi labala. M'thumba la malaya sikankalowa, la thalauza kankaling'amba. Mabatire kankadya ngati mbuzi yolowa m'munda, ndipo akatha aBilimankhwe ankawaluma pang'ono n'kuwayanika padenga kuti atsitsimuke. Nyimbo zinali zomwezomwezo, zotsatana chimodzimodzi, moti ya gitala ikamayamba ankadziwa kuti afika kwa omata matayala. Komabe kawailesiko kanali ndi khalidwe: sikankalira pakati pa nyimbo kuti wina akufuna kulankhula nawo. Vuto lake lalikulu linali chibwibwi. Akangoponda mwamphamvu, woimba ankakakamira pamodzimodzi, "ndi-ndi-ndi-ndi," mpaka mwiniwake atafewetsa phazi. Pofuna kumva nyimbo bwinobwino, munthuyu anazolowera kuyenda ngati wasenza beseni lodzaza madzi, osadziwa n'komwe kuti pali amene akumuphunzitsa.

Mwana wawo wamkazi, amene anakhalitsa kunja, atabwera kudzacheza anakaona kawailesiko n'kugwira pakamwa.

"Adadi, chinthu ichi chikadalipo? Kumene ndachokera ine zoterezi amazitsekera m'kabati kuti ana asukulu azidzaona."

"Ndiye kuti n'zamtengo wapatali."

"Ayi adadi, n'zakale basi."

Anawatulutsira foni yopyapyala ngati bisiketi, yodzaza nyimbo zosatha. "Iyi ngakhale mudumphe chingwe, siichita chibwibwi."

Anadumphadi pabalaza pomwepo, makapu m'kabati n'kulira. Woimba sanatekeseke. Atatero aBilimankhwe anasonkhanitsa kawailesi ndi zimbale zonse n'kukhuthulira akazi awo pamiyendo.

"Mayi a ana, katayeni zinyalalazi. Ife tapita patsogolo."

Anapitadi patsogolo, mothamanga. M'fonimo munali ng'oma zimene miyendo yawo inali itaiwala, ndipo inazikumbukira zonse tsiku limodzi.

"ABilimankhwe!" anakuwa omata matayala. "Mwasanduka buluzi kodi?"

Galasi loyamba linasweka atalumpha ngalande imene kale ankailambalala. Anati msewu ndiwo waipa. Lachiwiri linasweka foni italira m'khutu mwadzidzidzi: anali mwana wawo uja, kufunsa ngati mphatso yake akuikonda.

Bwana wa shopu anayang'ana zidutswazo, kenako n'kuyang'ana mapaziwo.

"Madala, ndakulemekezani kokwanira. Mawa pali kalilole wamkulu wopita kusaluni ya m'mwamba ija, masitepe okhaokha. Akasweka, musavutike kubwerera kuno. Mukangopitirira kovina komweko."

Kunyumba tiyi anazizira m'kapu. ABilimankhwe anakhala pampando atatambasula miyendo, akuyang'ana mapazi awo ngati anzawo owathawa pamlandu.

"Mphatso yanga yandichokera, mayi a ana."

"Mphatso yanu ili pansi pa bedi, m'katoni ya nsapato," anayankha akazi awo osasiya kusita. "Munati nditaye, koma ine sinditaya chinthu chimene chatilerera ana."

"Ndiye mukuti ulemu wanga wonsewu ndi wa kachitsulo kaja?"

"Ine sindinanene kanthu, abambo. Ndinkangoona kuti mabatire akatha munkafika pano mukuthamanga ngati mwaba nkhuku."

ABilimankhwe anasintha nkhani. "Nanga zimbale zanga?"

Mayiwo analoza pawindo. Kudimba kwawo, pamwamba pa mbewu, zimbale zonse zinali lendelende pazingwe, zikung'anima poopseza mbalame. Dzuwa linali litazipinda, ndipo mbalame zolimba mtima zinali zitasiyapo maganizo awo.

"Chatsala chimodzi," anatero akutsegula sutikesi yawo.

ABilimankhwe anachizindikira chisanatuluke n'komwe. Chinali cha kwaya ya amayi akutchalitchi, chimene anajambulitsa kalekale akazi awo atayandikira kwambiri maikolofoni. Mkuluyo ankachitcha chitseko chosowa mafuta.

"Palibe china?"

"Ntchito ina ilipo?" Mayiwo anatambasula dzanja. "Foniyo bweretsani ndikusungireni, ingakusokonezeni."

M'mawa mwake anaima pansi pa masitepe a saluni, kalilole atamukumbatira ngati mkwatibwi, kawailesi kali m'chiuno. Amayi a kwaya anayamba kuimba. Atakwerako pang'ono, phazi lamanzere linakumbukira ng'oma za m'foni n'kuponda mwamphamvu. Chimbale chinakakamira pamene akazi awo anakwezera mawu kuposa onse, ndipo liwulo linabwereza, n'kubwerezanso, likuboola khutu ngati msomali. Thukuta linatsika m'msana. Kuyambira pamenepo anaponda mofewa kuposa m'moyo wawo wonse, osati poopa bwana, koma poopa kulimvanso liwu lija.

Kalilole anafika wamphumphu. Atsikana a musaluni anaomba m'manja.

"Agogo, mwabwera ndi kwaya yonse?" anafunsa mmodzi akuseka.

ABilimankhwe anayang'ana m'kalilolemo n'kuona munthu wa thukuta, pakamwa pali yasa. Anali akuimba nawo mbali ya amayi, mokweza, kuchokera pansi pa masitepe.

Ntchito ikadalipo. Mumsewu anthu amati mkuluyo analapa, chifukwa amadutsa ndi galasi akung'ung'udza nyimbo za Mulungu, ndipo omata matayala amavula zipewa. Pomwa tiyi amanenabe kuti ndi mphatso yobadwa nayo, kungoti amayamba ayang'ana uku ndi uku.

Foni sinabwezedwe. Mayi a ana ndiwo amasita nayo m'makutu, chiuno chikuyankha ng'oma. Malaya awiri a amuna awo apsa kale kolala, ndipo iwo akuti simbi ndiyo yaipa.