Wilo Lachinayi la Baki ya a Kenson

Tapson Mbewe anabadwira pa komboni ya mgodi wina kufupi ndi Kadoma, ku Zimbabwe, kumene bambo ake anapita kuchokera ku Dedza akali mnyamata. Iye ku Malawi sanapondeko. Chichewa anaphunzirira m'nyumba, ndipo chinkatuluka chopotokera ku Chishona. Mu 2008, mgodi utatsekedwa ndipo m'masitolo mutayera, anatsikira ku Durban ndi mkazi wake Sarudzai, napeza chipinda cha malata ku Cato Manor.

Ntchito anaipeza ku Queensburgh, pa yadi yogulitsa matayala ndi malimu akale, zitsulo zomwe matayala amavalapo. Pamenepo anaphunzira kuti wilo limanamiza maso. Malimu awiri amatha kukhala ndi mabowo anayi onse, koma limodzi n'kulowa bwino pa mabawuti, linalo n'kukana chifukwa mabowo atalikirana mosiyana pang'ono chabe. Tapson ankangoyala zala pa limu n'kudziwa galimoto yake. Makasitomala okonda malimu onyezimira koma osayenera galimoto zawo ankawabweza mwaulemu, ena n'kumutukwana, koma palibe wilo lomwe iye anamanga linathawapo pamsewu. Pa ntchito ankalankhula Chizulu. Chichewa ankachisungira Lamulungu, kunyumba kwa a Kenson, telala wachikulire wa ku Mulanje, yemwe mkazi wake, mayi Edda, ankamutenga Tapson ngati mlongo wawo.

Mu Epulo 2015 zipolowe zothamangitsa alendo zinabuka. A Kenson ndi mayi Edda anathawira kutchalitchi ndi zovala za m'thupi. Atabwerera patapita masiku atatu anapeza chitseko chothyoledwa, koma makina awo awiri osokera anali atabisidwa ndi mayi wina woyandikana nawo. Baki yawo yakale, kagalimoto konyamula katundu, inali itakhala pa njerwa, mawilo onse anayi kulibe.

Mabasi otenga anthu kubwerera ku Malawi analipo, koma a Kenson anamva kuti munthu amakwera ndi chikwama chokha. Makinawo ndiwo anali munda wawo, ndiye anatsimikiza zopita pa baki. Anamuyimbira Tapson.

Pa yadi Tapson anapeza malimu atatu oyenera. Limu lachinayi analifuna masiku awiri. Anafika mpaka ku Pinetown, koma mayadi ambiri anali otseka, ndipo pa yadi ina mwini wake anamufunsa kuti kwawo n'kuti, Tapson n'kutembenuka n'kumapita. Lomwe anabwera nalo linali la galimoto ina: mabowo anayi ndithu, koma polikweza linalowa pa mabawuti awiri, pa enawo n'kukana. Kusiyana kwake kunali ngati kukhuthala kwa chikhadabo.

A Kenson anagwada pambali pake, nayang'ana kwa nthawi yaitali. Kenaka anafunsa ngati tupa sangathe kukulitsa mabowowo.

Tapson anawafotokozera kuti angathe, koma manati sakhala bwino pa bowo lopalidwa. Wilo limayamba kugwedera, manati amamasuka, kenaka mabawuti amaduka limodzilimodzi. Anawakumbutsa za zitunda za msewu wopita ku Joni, ndi katundu wolemera chotero. Anawapempha kuti adikire sabata imodzi.

"Achimwene," anatero a Kenson, "dzulo anthu a zipolowe aja anadutsa pano akuloza nyumba ino. Sabata imeneyo ndiitenga kuti?"

Tapson anayang'ana mayi Edda. Anali atakhala pa thumba la zovala, nsapato atavala kale. Iye anatenga tupa.

Anapala mabowo awiriwo pang'onopang'ono, akuyesa n'kuchotsa, akuyesa n'kuchotsa, manja akudziwa kuti akuchita chinthu chimene akhala akukaniza anthu zaka zisanu ndi ziwiri. Wilolo analiika kumbuyo, mbali ya kumanzere, nasunthira makina mbali inayo. Anawapatsa sipanala yake nawauza kuti aziima pafupipafupi kumanga manati, ndipo asathamange ngakhale msewu utakhala wopanda kanthu. Wilo lapadera panalibe.

Ananyamuka m'mawa wa Lachinayi. Tapson anapita kuntchito foni ili m'thumba la malaya. Masana a Kenson anayimba ali ku Harrismith kunena kuti zitunda akwera bwino, kungoti nati imodzi imamasuka msanga. Tsiku lotsatira anayimba atadutsa Joni: bawuti imodzi yaduka. Tapson anawauza kuti aime pomwepo afunefune limu lina. A Kenson anayankha kuti malowo sakuwadziwa ndipo akuopa kutsegula pakamwa pofunsa anthu njira. Anati aziyenda pang'onopang'ono.

Kenaka foni inasiya kulowa.

Masiku khumi ndi anayi Tapson ankayimba m'mawa ndi madzulo. Ankafunsa madalaivala a malole a ku doko ngati anaona baki yoyera m'mbali mwa msewu wa ku Beitbridge, koma mabaki oyera ndi ambiri. Sarudzai ankamuuza kuti sanawakakamize, iye n'kungogwedeza mutu. Chakudya chinkamukanika.

Uthenga unabwera ndi mayi Edda, pa nambala ya ku Malawi. Anati wilo linathawa asanafike ku Polokwane, baki n'kutsetserekera mu ngalande. Iwo sanavulale, koma a Kenson anathyoka dzanja lamanja. Lole ina inawanyamula. Baki ndi makina onse awiri anazisiya pomwepo, chifukwa panalibe wozinyamula. Tapson anapempha kulankhula ndi a Kenson. Mayi Edda anati bambo agona, adzayimba okha akapeza bwino.

A Kenson sanayimbe. Zipolowe zitazilala, Sarudzai anafunsa ngati nawonso asamuke. Tapson anamufunsa kuti apite kuti, poti ku Kadoma nyumba inali ya mgodi ndipo ku Dedza sankadziwa ngakhale dzina la mudzi wa bambo ake. Lolemba Tapson anakwera takisi ya ku Queensburgh monga mwa masiku onse, ndipo m'takisimo sanalankhule ndi munthu.