Woimba wa jekete yonyezimira pamaliro a bambo

Uthenga wa imfa ya bambo unandipeza ndikuvula masiki kuchipatala, nditangomaliza shifiti. Munali mu Januwale, chaka chachiwiri cha mliri, nthawi imene matenda aja anafika povuta kwathu. Mchimwene wanga anangoti, "Achemwali, madala atisiya. A zaumoyo akuti tiika lero lomwe, thupi sililowa m'nyumba." Ine ndinali ku Dubai, kumene ndinkagwira ntchito ya unamwino, ndipo ndege iliyonse ikanandifikitsa ataika kale.

Bambo anali mkulu wa mpingo kwathu ku Ntcheu. Maliro aliwonse a m'mudzi, nyimbo yoyamba inkachokera pakamwa pawo. Tsono munthu woteroyo ankakaikidwa ndi anthu ovala zoyera mpaka kumutu, mothamanga, popanda ndi nyimbo imodzi yomwe. Azakhali, mlongo wawo wa bambo, sanafune kumva zimenezo. Analanda foni kwa mchimwene wanga nati, "Iwe ndiwe woyamba kubadwa. Usonkhanitse anzako kumeneko. Ife tikachoka kumanda tikuimbira foni, tiimbe pamodzi. Bambo ako sangapite chete ngati mlendo."

Ndinavomera. Ndikanati chiyani? Zithunzi zonse zimene ndinkatumiza kumudzi zinali za chikhamu: tili kutchalitchi, tili kupaki, tikudya nyama. Azakhali ankadziwa kuti mwana wawo ku Dubai ali ndi mudzi wonse.

Ndipo sizinali zabodza kwenikweni. Amalawi a kuno wina akaferedwa timachita monga kwathu: timatulutsa mipando, azimayi amakhala pansi m'nyumba, azibambo panja. Nditafika kufulati kwanga ku Al Nahda ndinachita zomwezo. Ndinakokera mipando yonse mu kolido, ndinayala zitenje pa matailosi, ndinamanga duku, ndi kusiya chitseko chotsekula. Kenako ndinalemba uthenga pagulu lathu la pafoni.

Mayankho anabwera msanga, ambiri ake tizithunzi ta manja opemphera. Mnzanga wina wolera ana ku Al Twar anaimba akunong'ona. "Sisi pepani kwambiri. Madamu akuti ndikangotuluka geti, khalas, kwatha, ndisabwerenso." Bambo wina wowerengera ndalama pakampani anandikumbutsa za faini ya anthu osonkhana m'nyumba. Palibe amene ananena chifukwa chachikulu, koma ndinkachidziwa: ndinkagwira ntchito mu wodi ya odwala mliriwo. Sindinawaimbe mlandu. Koma paja amati maliro n'kulirana, ndipo ine pa maliro a makolo awo ndinali nditakhalapo pansi mpaka miyendo kuchita dzanzi.

Ndinakhala ndekha pa zitenje zija, ndikuyang'ana mipando yopanda anthu. Chisoni chinalipo, koma chimene chinkanditafuna kwambiri ndi manyazi. Foni ya azakhali ikalira, ndiwaonetsa chiyani?

Chitseko choyandikana ndi changa chinatseguka. Munkakhala bambo wina wachikulire wa ku Mangalande, wamtali, wa imvi zopesa bwino. Tinali titakhala moyandikana zaka zingapo, koma ubale wathu unkathera mu lifiti. Ine ndikamapita kushifiti ya madzulo, iwo ankatsika atavala jekete yakuda yonyezimira, kukaimba ku hotela ina ku Deira. Ine ndi namwino mnzanga wa ku Zambia tinkaseka jeketeyo, amvekere ikufanana ndi pepala lokulungira mphatso. M'mawa uliwonse ndinkawamvanso kudzera m'khoma akukweza ndi kutsitsa mawu ngati galimoto yokana kulira. Mliri utavuta mahotela analetsedwa zoimbaimba, ndipo jekete ija sinaonekenso.

Anayang'ana mipando, nayang'ana ine. Tinkalankhula Chingerezi. "Mayi, kodi akutulutsani m'nyumba?" anafunsa. Masiku amenewo katundu mu kolido ankatanthauza zimenezo.

Ndinawauza kuti ayi, bambo anga amwalira, ndipo mipandoyo ndi ya azibambo obwera kudzalira nane. Anafunsa kuti akubwera nthawi yanji. Ndinangoyang'ana mipando ija. Anaima pang'ono, kenako analowa m'nyumba mwawo natseka chitseko. Ndinati mumtima, ndiye azungutu amenewo, chisoni chawo ndi cha pakhadi.

Posakhalitsa anatulukanso atavala masiki ndi jekete ija. Anasankha mpando wakutali pang'ono ndi khomo langa nakhala, manja ali pa mawondo. "Mundikhululukire chovalachi," anatero. "Chakuda ndili nacho chokhachi. Tsono mwamuna akakhala pano amachita chiyani?"

"Amangokhala," ndinayankha. "Nthawi ikakwana amaimba."

"Zonse ziwirizo ndimazitha."

Podikira foni anandifotokozera za moyo wawo, mwina pofuna kuti ndisamangoyang'ana khoma. Anabadwira m'tauni ya mafakitale kumpoto kwa dziko lawo, ndipo anayamba kuimba ali kamnyamata m'kwaya ya tchalitchi. Atakula anapita ku London kukachita masewero a pasiteji, amene ochita ake amalankhula n'kumaimbanso. Koma ntchito imene anaigwira zaka zambiri inali yodabwitsa. Ankaloweza mbali yonse ya mwini sewero, mawu ake, nyimbo zake, ngakhale poponda pake, kenako n'kukhala kuseri atavala kale, kudikira kuti mwina mwiniwakeyo adwala. Nthawi zambiri sankadwala. Anati panali sewero lina limene linatha iwo asanatulukeko ndi kamodzi komwe, ndipo mayi awo anamwalira akusungabe diresi yoti adzavale tsiku lokawaonera pasiteji.

Pa kanema anaonekerako pang'ono: kamodzi ngati wapolisi wotsekula chitseko, kwina ngati dokotala wopukusa mutu. Kenako anakaimba m'sitima zapamadzi zikuluzikulu za alendo, ndipo zitatopa nawo anatsikira ku Dubai, kumaimbira anthu amene akudya osawayang'ana n'komwe. Mkazi anasiyana naye kalekale. Ankanena zonsezi moseka, ngati akukamba za munthu wina wopusa amene amamukonda.

"Ndiphunzitseni nyimbo imene bambo anu ankaikonda," anatero. "Chilankhulo chisakudetseni nkhawa. Ndinaimbapo m'zilankhulo zimene mpaka lero sindidziwa kuti ndinkanena chiyani."

Ndinawaimbira ndime yoyamba. Anatseka maso namvetsera. Anandipempha kuti ndinene mzere uliwonse pang'onopang'ono, iwo n'kumabwereza, akuyang'anitsitsa milomo yanga chapatali. Lilime linkawapinga pa mawu ena, koma khutu lawo linali lakuthwa. Posachedwa ndimeyo anali nayo yonse.

"Yachiwiri?" anafunsa.

Nyimbo imene ndinakula ndikuimva m'bafa, kumunda, kumanda, ndime yake yachiwiri inali itandithawa. Ndinayesa kuyambiranso kuti mwina ibwera yokha, koma ayi ndithu. Zaka zonse za ku Dubai kutchalitchi tinkaimba za Chingerezi zoonetsa pakhoma. Ndisanaganize zoifunafuna pafoni, foniyo inalira.

Azakhali anali atakhala pamphasa m'nyumba ya bambo, kumbuyo kwawo kuli mayi ndi azimayi ena ochepa otalikirana. Maso awo anali ofiira. Anati amaliza, zonse zachitika ngati akukwirira chinthu chobedwa. Kenako anati, "Tationetsa anzako, tiwapatse moni."

Ndinatembenuza foni pang'onopang'ono. Inadutsa pa zitenje zopanda munthu, inatulukira pakhomo, inadutsa mipando yopanda munthu, n'kukaima pa nkhalamba ya chizungu yonyezimira ngati yopita ku dansi. Bambowo anaimirira nawerama pang'ono. Ndikanakonda pansi pakanang'ambika.

"Ndi omwewa?" anafunsa azakhali.

"Ndi omwewa, azakhali."

Anangoti, "Yambitsa."

Ine ndinangotembenukira kukhomo. Bambo aja anaona, ndipo anayamba okha. Sanaimbe monga timaimbira pamaliro kwathu, motsitsa ndi mokoka. Anaimba ndi chifuwa chonse, mawu akunjenjemera kumapeto a mzere uliwonse, ngati kolido ija ndi holo yodzaza. Zitseko zinayamba kutseguka. Mayi wina wa ku India anasuzumira ali ndi mwana m'manja. Mlonda wa nyumbayo anatuluka mu lifiti akubwera kudzanena za mipando, koma atawona duku langa anabwerera. Ndinachita manyazi ndi kukweza kwakeko, ndinachita manyazi ndi Chichewa chopindikacho, ndipo ndinachitanso manyazi poona kuti ndikuchitira manyazi munthu yekhayo amene anabwera.

Atamaliza ndimeyo anandiyang'ana. Ndinagwetsa nkhope. Anayambiranso yomweyo. Atafika kumapeto anaibwerezanso.

"Kodi nyimboyi ili ndi ndime imodzi kumeneko?" anafunsa azakhali.

Anamvetsa okha kuti yachiwiri yandithawa. Anasendera pafupi ndi foni nanena mzere woyamba wa ndime yachiwiri mofulumira, monga amachitira wotsogolera nyimbo pamene anthu alibe mabuku. Bambo aja sanafunikire womasulira. Anatchera khutu, nautola mzerewo, nauimba. Azakhali anaponya wina, iwo anautolanso. Pofika ndime yachitatu anali atatsitsa mawu okha kutsatira azimayi a kumudzi, amene tsopano anali atalowa onse, mayi anga akulira chapansipansi. Foni inkachedwetsa mawu, moti ku Ntcheu ankakhala patsogolo pang'ono, ku Al Nahda pambuyo, koma nyimbo inafika kumapeto. Ina itayamba bambo aja anangong'ung'udza nawo. Ine mwana woyamba kubadwa ntchito yanga inali kugwira foni.

Atatha kuimba, mkulu wina wa mpingo amene anali panja pa nyumba ya bambo anapemphera. Kenako inafika nthawi yothokoza, pakuti kwathu munthu amene wabwera pamaliro kuchokera kwina satchulidwa kuti uje. Azakhali anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Bambowa atichotsa manyazi," anatero. "Akhala nawe pafupi nthawi yaitali?"

"Zaka ndithu. Khomo lawo ndi ilo."

"Chabwino. Dzina lawo ndani, kuti akuluakulu awatchule?"

Dzina lawo sindinkalidziwa. Ndinkadziwa nthawi imene amadzuka, ndinkadziwa chifuwa chawo, tsopano ndinkadziwanso za diresi ya mayi awo. Ndinaganiza zongopeka dzina lililonse la chizungu, koma mwiniwake anali pomwepo akundiyang'ana, akudikira kuti ndimuuze zimene zikunenedwa. Ndinatsitsa foni pachifuwa, ndinasendera kukhomo, ndipo ndinawafunsa motsitsa mawu m'Chingerezi. Anandiuza mosavuta, nalibwereza pang'onopang'ono kuti ndilimve bwino.

Azakhali Chingerezi sadziwa. Koma funso limenelo ndi loyamba limene mwana aliyense amabwera nalo kunyumba akangoyamba sukulu, ndipo iwo analera ana ambiri. Nditakweza foni ndinapeza akundiyang'ana.

"Wafunsa lero?" anatero.